Makapu Poyamba, Mapoto Pomaliza

Lachiwiri, 11 Malichi

Kuchipatala tsiku lonse. Adokotala sanazungulire: ndi khansa, ndipo yafalikira. Mankhwala ochepetsa ululu alipo, ochedwetsa alipo, ochiza palibe. Bambo a ana anga anangoti zyoli, kuyang'ana nsapato. Ine ndinafunsa za nthawi. Anati sangalonjeze chaka.

M'basi sindinalire. Ndimaganiza za madiresi a anthu amene ndinadula kale koma osasoka.

Tafika kunyumba. Mbale za m'mawa zikadali m'beseni pampopi, ntchentche mbwee. Injiniya, mwana wanga woyamba, ndevu zayamba kale kumera, ali pakhonde kumasula wailesi yakufa. Mzime akuthamangitsa mpira wa mapepala. Onse awiri adutsa pabeseni limenelo kangapo, maso ali nawo.

Ndiye Loya, mwana wanga wamkazi, wabwera kuchokera kusukulu. Chikwama pansi, yunifolomu osavula, kupinda manja a juzi, n'kugwada pampopi. Palibe wamutuma. Ndi pamene misozi yabwera. Ndathawira kubafa.

Amayi anga anamwalira ine ndili msinkhu wa Loya. Alongo anga atatu anapitiriza sukulu, ine ndinapitiriza mbale. Palibe anandichotsa sukulu, ayi. Kunali kungochedwa lero, kujomba mawa, mpaka aphunzitsi anasiya kuitana dzina langa.

Loya alemba mayeso omaliza pulayimale mu Meyi. Ndi wanzeru kuposa tonse m'nyumba muno, ndipo sagonja pa mtsutso, n'chifukwa chake tinamupatsa dzinalo. Kufa ndifa, chabwino. Koma mwana ameneyu sindimusiya pampopi.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndalengeza titatha kudya. Kuyambira lero mbale za madzulo ndi za Injiniya, Mzime azitsukuluza. Loweruka ndi Lamulungu ndi bambo awo. Loya makapu a m'mawa basi, kenako mabuku.

Injiniya waseka, kuyesa nthabwala. Ataona nkhope yanga wati anzake akamuona amuseka. Ndamufunsa ngati anzakewo akatha kudya amanyambita mbale mpaka kuyera. Mzime yekha ndiye wasangalala, wafunsa ngati aziloledwa kusewera ndi thovu.

Bambo awo, munthu wowotcherera zitsulo, chikwatirane sanagwirepo siponji. Angoti, "Mmene mwanenera, mayi." Ukanakhala mwezi watha akanatsutsa mpaka chakudya kuzizira. Kuvomera msanga kumeneku kwandiopsa kuposa mawu a adokotala.

Loya watsegula mlandu: kuti iye amatsuka mwachangu, kuti anyamata atha sopo, kuti sopo wakwera mtengo. Zoona zokhazokha. Ndamuuza kuti khoti latseka.

Ana akudziwa kuti ndikudwala m'mimba. Zinazo ayi. Tagwirizana ndi bambo awo kuti mayeso adutse kaye.

Lolemba, 17 Malichi

Phunziro. Ndakhala pampando pafupi ndi mpopi, pilo pamimba. Mabeseni awiri, lina la madzi ofunda ndi sopo, lina lotsukuluzira. Makapu poyamba, madzi asanade. Kenako masupuni, kenako mbale, mapoto pomaliza. Poto akapserera thiramo madzi usanakhale pansi kudya, pofika nthawi yake zafewa zokha. Mbale ili ndi kumbuyo, si nkhope yokha. Pathandala uziike mozondotsa kuti madzi atsike.

Ndipo chala. Ukatsukuluza, yendetsa chala chachikulu pambale. Ikalira kuti kwii, yayera. Chala chikangoterera osamveka kanthu, mafuta akadalipo, bwereza. Amayi anga anandisiyira chimenechi. China sanasiye.

Nditangoyang'ana kumbali, Injiniya wayamba ndi chiwaya cha nsomba. Madzi onse bii, makapu n'kulowa momwemo. Munthu wodziwa waya aliyense wa m'wailesi, osadziwa kuti mafuta amayandama! Ndabweza zonse. Watsuka kachiwiri akung'ung'udza. Ndabwezanso theka.

Mzime safika pathandala, ndamuikira njerwa yomwe ankakwerapo Loya. Wadzipangira ndevu za thovu, akuti ndi abambo ake. Ndaseka mpaka m'mimba kulasa. Wanyowa mpaka kabudula. Kapu imodzi wayibenthula pakamwa, n'kuyamba kulira ndisanalankhule. Ndati usalire, imeneyo ikhala yanga.

Lachinayi, 20 Malichi

Alamu anga abwera kudzandiona, mlongo wawo wamkulu wa bambo awo. Malalanje m'jumbo. Bambo awo anawauza zonse, ndiye alowa ndi nkhope ya pamaliro, kundilankhula ngati ndagona kale m'bokosi. Potuluka apeza Injiniya pampopi. Aima, manja m'chiuno.

"Mwana wamwamuna kukwecha poto, mtsikana ali m'nyumba miyendo tambalale?" Anenera dala mokweza. Loya anali patebulo ndi masamu. Pensulo yangoima.

Akuti ndikuwononga anyamata. Akuti mtsikana wosazolowera ntchito amabwezedwa ku ukwati. Ndati alamu, mwana uja anayamba kutsuka mutu usanafike pathandala, wazolowera mokwanira. Osazolowera ndi a ndevuwa. Ndati kuongola mtengo m'poyamba. Iwo ati ndiye mwachedwa. Zandilasa, poti n'zoona.

Ndinayang'ana bambo awo kuti ayankhepo. Anali kalikiliki kusenda lalanje. Lalanje limodzi kusenda ngati akusenda ng'ombe, mpaka alamu kuchoka.

Lamulungu, 23 Malichi

Tsiku la bambo awo. Anyamula mabeseni kuchoka pampopi kupita nawo kuseri kwa nyumba, kumene odutsa mumsewu sangawaone. Madzi kumachita kutunga ndi ndowa. Ndawasiya, bola atsuke.

Mapoto akwecha ngati akuchotsa dzimbiri pageti. Chogwirira chimodzi chathothoka, ati achiwotcherera mawa. Kenako phokoso linasiya. Ndasuzumira pazenera: akhala pa njerwa, manja m'madzi, osatsuka kanthu, mapewa akugwedezeka. Ndabweza katani.

Mbale zawo sindinaziyese chala.

Lachitatu, 26 Malichi

Tsiku loipa. Ululu kuyambira m'mawa, mapiritsi osagwira. Madzulo Injiniya wandibweretsera madzi m'kapu yonunkha mazira. Ndadzuka, kutsamira khoma mpaka panja. Pathandala mbale iliyonse yoterera. Ndazibwezera m'beseni. Watsuka, ndabweza. Watsukanso, ndabwezanso. Ndiye waponya siponji pansi, akuti, "Mbale zomwezi mpaka liti? Kodi tidya mbale?"

Pakamwa pangapa! Ndati ndikafa mudzadyera m'mbale za galu, ndipo simuchedwa kuziona.

Mzime wandiyang'ana, thovu kumaso. Loya anali pakhomo, buku m'manja. Sananene kanthu, Loya amene saphonya mpata. Ine ndakhala pansi pomwepo, ndasanza pafupi ndi ngalande. Wabweretsa madzi ndi kansalu ndi iyeyo.

Ndili ndi changu, ndipo ana anga sakudziwa chifukwa chake. Akungoona mayi wolusa pa nkhani ya mafuta a pambale. Fulumira adadya gaga. Ndikudziwa, koma nditani, nthawi yoleza mtima ndiitenga kuti?

Lachitatu, 2 Epulo

Mankhwala a m'diripi. Masiku awiri osadzuka. Chilichonse chikundinunkhira: sopo, mafuta ophikira, ngakhale mutu wa Mzime. Wabwera kudzandikumbatira, ndatembenuza nkhope. Waona.

Makina osokera ndawavundikira ndi nsalu. Mayi wa pagolosale wabwera kudzatenga nsalu yake yosasoka, kupepesa ngati wolakwa ndi iye. Ndalama zikungotuluka, zolowa ndi za bambo awo zokha, ndipo mageti si tsiku lililonse.

Pathandala sindinapiteko. Sindikufuna kudziwa.

Lolemba, 7 Epulo

Zodabwitsa. M'mawa ndayenda mpaka pathandala, ndayesa mbale imodzi: kwii. Ina: kwii. Chiwaya mbee, kumbuyo komwe. Makapu opanda fungo. Ndakumbukira kuti masiku onsewa madzi omwera mapiritsi sananunkhepo.

Ndamuitana Injiniya, ndamuyamikira pamaso pa onse. Ndati mkazi wako adzakhala ndi mwayi, adzakusirira mpaka anansi. Iye maso pansi, kukanda m'khosi. Manyazi a anyamata, ndatero mumtima. Ndamuwonjezera dzira.

Alamu ndawaimbira foni dala, kuwauza kuti mtengo uja waongoka. Angoti ehe.

Masana ndagona tulo tabwino koyamba chibwerereni kwa adokotala. Ntchito imodzi yatha.

Loweruka, 12 Epulo

Masiku abwinoko. Ndadya mpunga pang'ono, wakhala. Mzime ndamuphunzitsa kusesa: kuyambira m'makona, kuthera pakhomo, osati kukankhira zinyalala pansi pa mpando. Wasesa pakati pokha. Akuti m'makona simuyenda anthu.

Bambo awo andifunsa kumene kumakhala machesi, mchere, singano. Nyumba yomwe akhalamo zaka zonsezi! Ndawayendetsa m'khitchini ngati mlendo. Afunsa zambiri, sanaseke.

Loya wachepa thupi. Sakutsutsanso. Dzulo bambo ake anamuputa dala, akuti mwezi ndi waukulu kuposa dziko. Iye wangoti chabwino. Zala zake zang'ambika. Ndafunsa, akuti ndi choko. Ndamupaka mafuta. Mwina ndi mantha a mayeso.

Lachiwiri, 15 Epulo

Aphunzitsi a Loya adutsa pochokera kusukulu. Ndinkawasokera madiresi. Atakhala pansi, kuzungulira, kufunsa za thupi, za nyengo. Kenako atulutsa: Loya akufika belu litalira kale, tsiku ndi tsiku. Akuwodzera pa masamu. Pa mayeso oyeserera watsika kuchoka pamwamba kufika pakati. Akuti sanafune kundivutitsa podziwa kuti sindili bwino, koma Meyi si kutali.

Ndati sizingatheke, mwanayo ntchito ndinamuchotsera. Andiyang'ana mwaulemu, mmene umamuyang'anira munthu wodwala akamanena zake.

Loya ndamufunsa. Akuti njira yatalika. Njira yomweyi ya zaka zonse.

Lachitatu, 16 Epulo

Ululu wandidzutsa m'bandakucha. Ndati ndikatunge madzi omwera mapiritsi. Chitseko cha panja chotsegula pang'ono.

Loya. Wagwada pampopi, juzi ya sukulu manja opinda. Thandala lopanda kanthu. Mbale zonse za dzulo zili m'beseni, akuzitsukanso imodziimodzi. Pansi pa beseni wayala thaulo lakale kuti zisagundane n'kundidzutsa. Mpopi watsegula pang'ono pokha, madzi akutsetsereka padzanja kuti asamveke. Madzi ozizira, poti kuyatsa moto kukanamuulula. Iliyonse akatsukuluza, chala: kwii. Monga ndinamuphunzitsira.

Ndaima nthawi yaitali nditagwira chitseko. Mtengo wanga woongoka uja ndi umenewu.

Atandiona sanadzidzimuke. Ndafunsa kuti anayamba liti. Akuti mawa lake la tsiku lija la mbale za galu. "Mukakwiya mumasanza, amayi. Achimwene sangathe, ndiye ndimangokonza."

Ndati nanga sukulu? Akuti sukulu siithawa. Kenako, maso ali m'beseni: "Ndikudziwa zimene ananena adokotala. Azakhali amalankhula mokweza."

Ndinafuna kumumenya. Ndinafuna kumubereka kumbuyo ngati khanda. Ndangomulanda siponji, zala zake zozizira zedi. Ndinkafuna kumuchotsa pampopi, m'malo mwake ndamubwezerapo nthawi imene ena onse ali m'tulo. Wamutuma ndine, ndi chala changachi.

Wapita kusukulu mochedwa ndithu. Mbale zotsala ndamaliza ndine, nditakhala pa njerwa ya Mzime.

Lachinayi, 17 Epulo

Ndamuitanira Injiniya kuchipinda, ndatseka chitseko. Ankadziwa. Anaona mbale zikusintha malo pathandala. Poti zimayera zokha, anayamba kungoziviika n'kutulutsa. Ndipo dzira lija anadya.

Sindinakalipe. Mphamvu palibe, komanso kukalipa ndi kumene kwatifikitsa apa. Ndamuuza zonse, dzina la matenda ndi mawu a adokotala. Ndamuonetsa manja anga. Ndati m'kalasi ndinkawaposa amalume ako onse atatu. Lero iwo amasaina makalata, ine ndimawerenga manambala a patepi yoyezera m'chiuno mwa anthu. Ndati palibe amene adzamuuze mlongo wako kuti asiye sukulu. Inu mudzangosiya mbale m'beseni, zotsalazo adzamaliza yekha.

Sanalire. Wafunsa ngati Mzime akudziwa. Ndati ayi. Watuluka, wabwera dzuwa litalowa, chakudya osakhudza. Koma mbale watsuka.

Lamulo latsopano. Zikatsukidwa madzulo n'kuuma, mbale zonse m'beseni lalikulu, beseni kuchipinda kwanga, m'mphepete mwa bedi. Wofuna kuzitsukanso adutse pa ine. Bambo awo ati ukwati wafika pogona ndi mapoto. Kenako anena motsitsa mawu, "Koma chala chanucho chipumeko, mayi." Ndakwiya, ndawapatsa msana. Anena zoona.

Lachitatu, 23 Epulo

Tiyi wonunkha nsomba. Ndamwa yense, Injiniya ataima pomwepo kundiyang'ana. Ndati zikomo, mawa madzi atenthe pang'ono. Basi, osawonjezera. Atatuluka ndasanzira m'chitini, ndachibisa kuseri kwa makina.

Mbale zoterera. Supuni ili ndi mpunga wa dzulo kukhosi. Chala chikuyabwa, ndikuchita kuchikhalira. Koma mafuta aliwonse pambale akundiuza kuti Loya wagona mpaka kucha. Ine amene, kukondwera ndi uve! Amayi anga akanandiona.

Loya wandikwiyira. Amalowa kuchipinda kudzanditsanzika, kulambalala beseni osaliyang'ana, masaya otupa. Akwiye. Aphunzitsi atumiza mawu kuti sabata ino akufika belu lisanalire.

Lamulungu, 27 Epulo

Alamu abweranso, ulendo uno ndi nzeru. Akuti poti zafika apa, Loya ayambe waima sukulu chaka chino, andisamale, asamale nyumba. Mayeso adzalemba chaka cha mawa. Anena mofatsa, mwachikondi ndithu, akundisisita mwendo. Mawu omwewa ananena azakhali anga za ine. Chaka cha mawa chija mpaka lero sichinafike.

Ndinatsegula pakamwa, mpweya osakwana. Ndinangoyang'ana kudenga.

Ndiye bambo awo, amene anali pakhomo. "Ayi, achemwali. Mwanayo alemba chaka chino. Nyumba ino ili ndi manja." Atola kapu imene alamu anamwera, atola mbale za masana, kutuluka nazo. Osati kuseri. Pampopi penipeni, poyera, anthu akudutsa mumsewu. Mnzawo wina wa kuntchito anafuula kuti kodi mwalembedwa ntchito ya m'nyumba? Iwo ati eya, malipiro ndi chakudya. Ndinamva Mzime akuwadzudzula kuti abambo, makapu poyamba.

Alamu achotsa dzanja pamwendo wanga. Achoka osatsanzika bwino. Sindinawasungire mangawa. Nawonso sukulu anasiyira panjira, kuphikira ndi kutsukira mlongo wawo yemweyu.

Lachisanu, 9 Meyi

Ndabwerako kuchipatala. Anandigoneka, madzi m'mimba. Masiku amenewo sindikuwakumbuka bwino. Kulemba kukuvuta, cholembera chikulemera.

Choyamba kufunsa: beseni linkagona kuti? Mzime, mtolankhani wanga, akuti abambo ankalitsekera kuchipinda n'kupita ndi kiyi kuchipatala. Akuti achemwali anayesa kamodzi kulowera pazenera, achimwene anawagwira mwendo. Akuti anakangana mpaka aneba kusuzumira. Ndaseka, zapweteka, ndasekabe.

Panja sindikutulukanso. Bedi, zenera, ndi phokoso la pampopi. Wotsuka ndimamudziwa ndi makutu. Bambo awo ndi chiphokoso cha zitsulo, mmene amachitira kuntchito. Mzime ndi madzi ambiri ndi nyimbo. Injiniya kale kunali kugubuduza pang'ono, watha. Masiku ano akuchedwa. Ndimamva akuyatsa moto wa madzi.

Chala sindikuyesa. Ndinalonjeza.

Lachitatu, 14 Meyi

Mzime wakwera pabedi ndi nkhani yoti watsala pang'ono kufika pathandala popanda njerwa. Wafunsa ngati ndidzatuluke kudzaona. Ndati ukule msanga. Wandiyang'ana, kenako wagona pamapazi anga. Ameneyunso akudziwa. M'nyumba muno chinsinsi ndinkangobisira ine mwini.

Makina osokera abwera kudzawaona anthu awiri. Bambo awo akana kugulitsa. Ndati gulitsani, mankhwala sagulidwa ndi chisoni.

Lolemba, 19 Meyi

Mayeso mawa. Loya wabwera ndi mlandu wonse, mfundo zondondozana. Kuti ndafooka kwambiri. Kuti abambo ayenera kupita kuntchito. Kuti anyamata sadziwa kunditembenuza. Kuti akakhala m'kalasi mutu udzakhala kuno, ndiye kulemba n'kutaya nthawi. Mawu okwera, dzanja m'mwamba. Loya wanga wabwerera! Ndamusiya amalize, kungomva kukoma.

Kenako ndati khoti lamva. Upita. Ngakhale umve zotani, ukhala pampando mpaka pepala lomaliza. Injiniya wapempha chilolezo kusukulu kwawo, sabata ino akhala nane ndi iyeyo. Anakapempha yekha, palibe anamutuma.

Walira pachifuwa panga. Kulemera kwake kumandipweteka, sindinamuchotse. Ndagwira manja ake kuwayang'ana. Ming'alu ija yapola. Pachala chapakati pali inki, ndi pouma pamene pamakhala cholembera.

Ndamulumbiritsa. Walumbira mokwiya, maso kumbali. Sindikudziwa ngati lumbiro lotere limagwira.

Lachitatu, 21 Meyi

Tsiku lachiwiri la mayeso. Kwacha ndili wofooka kuposa dzulo, ndipo Loya waona. Wachoka akucheuka, bambo ake atamugwira dzanja. Atapita ndamwa phala lamadzimadzi la mkaka m'kapu yanga yobenthuka ija. Ndagona.

Ndadzuka dzuwa lisanafike pamutu. Kapu ili pampando, muli madzi omwera mapiritsi. Chala chapita chokha, chizolowezi. Kwii.

Ndayesanso. Kwii, mkati, kunja, pachogwirira pomwe. Fungo la mkaka palibe. Ndati basi, wathawa mayeso, wabwerera, ali pampopi. Zonse zija pachabe. Ndamuitana, mawu osatuluka. Ndamenya supuni pachitsulo cha bedi.

Amene walowa ndi Injiniya. Malaya onyowa pamimba, thovu pachigongono. Akuti Loya ali kusukulu, abambo akumudikirira pageti, kuntchito sanapite.

Ndakweza kapu. Wakanda m'khosi. "Ndatsuka ndine, amayi. Makapu poyamba."

Ndati bweretsa zina. Wabweretsa mbale, supuni, chiwaya. Ndayesa chilichonse, kumbuyo komwe. Ndimafuna ndipeze kamodzi kokha koti ndibweze, kuti mawa adzandifunebe. Palibe.

Ndamuuza kuti wakhoza. Ulendo uno sanayang'ane pansi.

Ndati mawa ndikuphunzitsa kukwecha ketulo. Akuti anakwecha kale, Loya anamuonetsa ataima patali, manja kumbuyo. Ndati nanga kusita? Akusita abambo. Kusesa m'makona? Mzime wayamba. Wafunsa ngati beseni lizibwerabe kuchipinda. Ndati ayi, lizigona kukhitchini.

Panja mpopi ukuthira. Mzime, poti makalasi aang'ono atsekera mayesowa, akuimba nyimbo yake yosatha. Palibe akundiitana kuti ndidzaone. Ndi zimene ndinkafuna, ndi zimenezi ndithu. Nanga misoziyi ndi yachiyani?

Loya watsala ndi mapepala a mawa. Akabwera asandipeze chonchi. Ndimuuza Injiniya andikhazike, andipukute kumaso. Mawa lokha, mpaka belu lomaliza, kenako ndi...